Mmbulu ukagogoda pakhomo kupempha shuga

M'buku lina la ana lomwe linatuluka ku America mu 1987, Mmbulu anadzuka ndi nkhuli ya nyama ya nkhuku. Anasakasaka tsiku lonse mpaka anaona thadzi likudziyendera. Atatsala pang'ono kulimbwandira, nzeru zinamubwerera: nkhukuyi itanenepako pang'ono, ndiwo zikhoza kuchuluka. Anathamangira kukhitchini kwake, nakazinga zitumbuwa 100, usiku n'kukazisiya pakhonde pa nkhukuyo. Usiku wotsatira anasiyapo madonasi 100. Usiku wachitatu, chikeke cholemera makilogalamu ngati 45. Tsiku lokatenga ndiwo zake litakwana, ananyang'ama mpaka pachitseko, ndipo ali m'kati mosuzumira pabowo la kiyi, chitseko chinangoti bwankhu. Thadzi lija silinanenepe n'komwe. Kumbuyo kwake kunali anapiye 100, omwe ndi amene ankamaliza zonse zija, ndipo mayi wawo anawauza kuti wokoma mtima uja ndi ameneyu. Anapiye anamukwera thupi lonse, kumupsompsona, kumutchula kuti amalume. Mmbulu anadya mgonero umene nkhuku inamuphikira, ndipo pobwerera kwawo ankalingalira zoti mawa awaphikire ana aja mabisiketi.

Bukuli ndi The Wolf's Chicken Stew, la Keiko Kasza, mayi wobadwira ku Japan yemwe anakakhazikika ku America. Ndi limodzi mwa mabuku ambirimbiri a zithunzi amene akhala akutuluka ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuyambira m'ma 1980, omwe amatenga chilombo choopsa kwambiri cha m'nthano za azungu n'kuchisandutsa neba: wanjala, wozerezeka pang'ono, wobwera pakhomo ndi kapu m'manja. Kholo limene likugulira mwana mabuku ku London kapena ku Johannesburg, kapena mphunzitsi wa sukulu ya mkaka amene walandira katoni ya mabuku ochokera kunja, sachedwa kukumana nawo. Mwana amaseka, inde. Koma kuti munthu wamkulu amvetse chimene chikuseketsacho, ayenera kudziwa kaye mlandu umene mmbulu wakhala ukusenza kwa zaka mazanamazana.

Ambirife nyamayi tinaidziwira m'Baibulo, pa mawu ochenjeza za aneneri onyenga obwera atavala ngati nkhosa pamene m'kati ndi mimbulu yolusa. Ndi chilombo cha ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa America, kholo la galu woweta, ndipo chimasaka m'magulu. Kwa anthu amene chuma chawo chonse chinali nkhosa, usiku umodzi wa mimbulu unkatha kusiya banja lili manja lende. Anthu nawonso ankajiwa nthawi zina. Pakati pa 1764 ndi 1767, m'dera la Gévaudan ku France, chilombo chimene ambiri amakhulupirira kuti chinali mmbulu kapena mimbulu ingapo chinapha anthu pafupifupi 100, ambiri mwa iwo amayi ndi ana okhala kubusa, mpaka mfumu Louis XV inachita kutumizako alenje ake. Mantha a m'nthano anali ndi pochokera.

Nthanozo sizinkanyengerera. Pamene Charles Perrault, wolemba wa ku France, analemba ya kamtsikana ka chipewa chofiira mu 1697, mmbulu unadya agogo, n'kudyanso kamtsikanako, nkhani n'kuthera pomwepo. Perrault anachita kunena poyera kumapeto kuti akuchenjeza atsikana za amuna olankhula mokoma. Mlenje wodzang'amba mimba ya mmbulu n'kupulumutsa awiriwo akupezeka m'kalembedwe ka abale awiri a ku Germany, a Grimm, ka mu 1812. Nthano ya tinkhumba titatu, monga anaisindikizira Joseph Jacobs ku England mu 1890, imathanso ndi imfa zokhazokha: tiwiri timadyedwa, kachitatu kamawiritsa mmbulu mumphika n'kuudya. Kampani ya Disney ndiyo inafewetsa nkhaniyi m'katuni yake ya mu 1933, mmene simufa aliyense, koma inakhomereranso dzina loti mmbulu ndi wamkulu komanso woipa m'mitu ya ana a dziko lonse.

Chodabwitsa n'chakuti pamene Jacobs ankalemba, ku England kunalibe mmbulu ndi umodzi womwe kwa zaka pafupifupi 400. Inatha cha m'ma 1500. Ku Ireland womaliza akuti unaphedwa mu 1786, kumalo osungirako zachilengedwe a Yellowstone ku America inatha mu 1926, ku France m'ma 1930. M'madera amenewa chilombo chinachoka m'nkhalango n'kutsala m'mabuku mokha. Ndiye mibadwo inakula m'matauni, ana osaonapo khola la nkhosa, ndipo mantha aja anasanduka choseweretsa. Nthawi yomweyo asayansi anayamba kufotokoza mmbulu ngati nyama ya pabanja, yothandizana polera ana, yothawa anthu. America inakhazikitsa lamulo loteteza nyama zotsala pang'ono kutha mu 1973, mmbulu n'kulowa pamndandanda chaka chotsatira. Mayiko a ku Ulaya anasaina pangano la ku Bern, loteteza nyama zakutchire, mu 1979. Olemba mabuku a ana a m'ma 1980 anakulira m'nyengo imeneyi, yomwe anthu anayamba kufunsa ngati wolakwa pa nkhani yonseyi analidi mmbulu.

Komabe mmbulu wokhala bwino ndi anansi si wa dzana. Mneneri Yesaya analosera kale za mmbulu wokhala pamodzi ndi mwana wa nkhosa. Ndipo ku Italy kuli nkhani yolembedwa m'zaka za m'ma 1300 ya Fransisko Woyera wa ku Assisi ndi mmbulu umene unkasautsa mudzi wa Gubbio. Fransisko sanauphe. Anazindikira kuti ndi njala, n'kupanganitsa mbali ziwirizo: anthu aziudyetsa, iwo usiye kupha. Akuti unakhala zaka 2 ukuyenda khomo ndi khomo mpaka unafa ndi ukalamba. Mabuku ambiri amakonowa akungobwereza pangano la ku Gubbio, kungoti aikamo nthabwala.

Nthabwalazo zimagwira ntchito chifukwa cha kapangidwe ka buku la zithunzi. Nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32, popeza osindikiza amapinda mapepala akuluakulu m'magulu a masamba 8 kapena 16. Mukachotsa a mutu ndi a zofotokoza za osindikiza, nkhani imatsala ndi malo ochepa kwambiri, mawu mazana angapo basi. Choncho wolemba ndi wojambula amadalira zida ziwiri. Choyamba ndi kutsegula tsamba: kudzanja lamanja kumathera pa Mmbulu ali pachitseko, ndipo mwana sadziwa chimene chili kuseri mpaka wowerenga atembenuze. Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, ndi kusiyana kwa mawu ndi chithunzi. Wamkulu akuwerenga mawu, mwana maso ali pa chithunzi, ndipo chithunzicho chikunena zina. Mwana wa zaka 4 yemwe sadziwa kuwerenga amakhala woyamba kugwira bodza. Chisangalalo chake chimagona pamenepo, kuti wadziwa chinthu chimene mawu a m'kamwa mwa bambo ake sakuvomera.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi The True Story of the 3 Little Pigs!, cha Jon Scieszka ndi wojambula Lane Smith, cha mu 1989. Mmbulu mwiniwake ndiye akufotokoza, ali m'ndende. Akuti iye ankaphika keke ya tsiku lobadwa la agogo ake, shuga n'kumuthera, ndipo anali ndi chimfine. Anapita kwa neba kukapempha kapu imodzi ya shuga, monga mmene mwana amatumidwira kuseri kwa mpanda kukapempha mchere ndiwo zili pamoto. Neba uja anamanga nyumba ya udzu. Mmbulu atayetsemula, nyumba inagwa, nkhumba n'kufa. Ndiye nyama yabwinobwino angaisiye kuti iwonongeke? Chimodzimodzi kunyumba yachiwiri. Wachitatu, wa nyumba ya njerwa, anakana kutsegula n'kutukwananso agogo ake a Mmbulu, ndipo apolisi anamupeza akumenya chitseko ndi ukali. Atolankhani ataona kuti nkhani ya chimfine ndi shuga singagulitse nyuzipepala, anaikometsera.

Mawu onsewo ndi aulemu, a munthu wolakwiridwa. Koma m'mbale imene akukandira keke mukutuluka makutu a kalulu. Mbali inayi, nyuzipepala imene yamulemba ndi ya nkhumba, womulondera m'ndende ndi nkhumba. Ndiye mwana akhulupirire ndani? Bukuli siliyankha, n'chifukwa chake aphunzitsi a m'mayiko olankhula Chingerezi amalikonda pophunzitsa kuti nkhani imasintha malinga ndi woifotokoza. Ine ndimaona kuti Mmbulu ameneyu ndi wabodza wotheratu, koma chimene neba wachitatu anachita, kutukwana nkhalamba yopanda chifukwa, sichikuchoka.

Apa ndiye pamene nkhani ya ubwino wa pakati pa anansi imalowera, ndipo mabukuwa sagwirizana pa zimene akunena.

Ena amaloza chala mipanda. Mu 1993 Eugene Trivizas, Mgiriki yemwe ankaphunzitsa za umbanda ndi upandu pa yunivesite ya Reading ku England, anatembenuza nthano ija pamodzi ndi wojambula Helen Oxenbury. Timimbulu titatu tofatsa ndi timene tikumanga, woipa ndi chinkhumba. Timamanga ya njerwa, chinkhumba chimaigwetsa ndi chihamala. Timamanga ya konkire, chimabwera ndi makina oboolera. Timamanga ya zitsulo, waya waminga ndi maloko, chimaiphulitsa ndi bomba. Pomaliza timamanga ya maluwa, yogwedera ndi kamphepo kalikonse. Chinkhumba chikukoka mpweya kuti chiuzire, fungo likuchilowa, mtima n'kusungunuka, n'kuyamba kuvina. Mapeto ake ndi okoma mopitirira, koma zimaseketsa kuti katswiri wa zaumbanda ndiye akuuza ana kuti loko aliyense amangoitana chida chachikulu kuposa chakale.

Ena amaloza chala anebawo. Mu Mr Wolf's Pancakes, buku la Jan Fearnley la mu 1999, bambo Mmbulu akufuna kukazinga zitumbuwa koma kuwerenga kumawavuta, kulemba ndi kuwerengera ndalama chimodzimodzi. Akuyenda khomo ndi khomo kupempha mwaulemu: wina awathandize kuwerenga kaphikidwe, wina kulemba zokagula, kamtsikana ka chipewa chofiira kawabwereke basiketi, tinkhumba tiwathandize kuphika. Aliyense akuwakalipira ndi kuwamenyetsera chitseko. Akulimbana nazo okha mpaka zikutheka. Fungo litafika m'mudzi, aneba onse aja akubwera, mopanda manyazi, kudzafuna kudya nawo. Bambo Mmbulu akuwalowetsa, n'kuwadya onse, kenaka n'kukhala pansi kudya zitumbuwa zawo. Makolo ena amadzidzimuka nalo tsamba limenelo. Ana ambiri amafa nalo kuseka, chifukwa chilungamo cha mwana n'chachidule: unakana kuzimira mnzako ndevu, usabwere ndi mbale.

Buku limene ndimaliona lakuya kuposa onsewa ndi la Chifalansa, Une soupe au caillou, la Anaïs Vaugelade, lomwe linatuluka mu 2000. Likuchokera pa nthano yakale ya ku Ulaya ya mlendo wochenjera yemwe amati aphika msuzi wa mwala, anthu n'kumawonjezera tinthu mpaka mphika kudzaza. Vaugelade anaika mmbulu pa malo a mlendoyo. Ndi usiku, nyengo yozizira. Mmbulu wokalamba, thumba lili kumsana, ukugogoda kwa Nkhuku. Ukunena kuti watsala ndi dzino limodzi, ukungofuna kuotha moto ndi kuphika msuzi wake wa mwala. Nkhuku ikuchita mantha, koma sinaonepo mmbulu chibadwire, imangoumva m'nthano, ndiye chidwi chikuposa mantha. Ikutsegula. Mmbulu ukupempha mphika waukulu, ndipo Nkhuku ikunjenjemera, chifukwa nkhuku iliyonse imadziwa ntchito ya mphika waukulu. Koma cholowamo ndi mwala. Nkhuku ikuti iyo mumsuzi imaikamo kandiwo kena kamasamba, Mmbulu ukuvomera.

Kenaka Nkhumba ikugogoda. Yaona mmbulu ukulowa, yabwera kudzaona ngati zonse zili bwino. Itamva za msuzi, ikuthamangira kwawo kukatenga chake choikamo. Akubwera Bakha ndi Kavalo, kenaka Nkhosa, Mbuzi ndi Galu, aliyense ndi nkhawa yomweyo, aliyense n'kubwerera kukatenga kanthu. Mapeto ake mudzi wonse uli pabwalo la moto m'nyumba ya Nkhuku, akudya, akuseka, akufunsana chifukwa chimene samachitira zimenezi kawirikawiri. Ndiye Mmbulu ukupisa m'thumba n'kutulutsa mpeni wakuthwa. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma apa wowerenga mtima umaima kaye. Mmbulu ukubaya mwala uja, n'kunena kuti sunapse, uutenga kuti ukaphikenso mawa. Akuufunsa ngati udzabwerenso. Sukuyankha. Chithunzi chomaliza chikuuonetsa ukugogoda pakhomo lina.

Kodi unabwera kudzadya Nkhuku, aneba n'kuusokoneza? Kapena ndi nkhalamba yosauka chabe imene yapeza njira yodyera? M'zithunzi zonse maso ake ndi otopa, oyang'ana cham'mbali, ndipo simungawawerenge. Chimene chikuoneka bwinobwino n'chakuti Nkhuku yapulumuka pa zinthu ziwiri nthawi imodzi: inatsegulira mlendo, ndipo aneba ake sanagone ataona mlendoyo akulowa. Chifundo ndi tcheru zili m'chipinda chimodzi, ndipo palibe chimene chikuchotsa chinzake. Ndi nkhani yovuta kuifotokoza ngakhale kwa akuluakulu okangana za anthu obwera, koma mwana wa zaka 5 amaitsatira bwinobwino.

M'nthano zathu, ntchito yofanana ndi imeneyi amaigwira Fisi: wadyera, wamphamvu, wopusitsidwa ndi Kalulu nthawi zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti Fisi wakhala woseketsa kuyambira kale, pamene fisi weniweni akadali kuseri kwa khola la mbuzi m'midzi yambiri. Azungu anayamba kuseka mmbulu kwambiri utatha m'nkhalango zawo. Ife timaseka chilombo chimene tikuchimvabe usiku.

Pali madandaulo awiri amene mabukuwa amakumana nawo, ndipo onse ndi omveka. Loyamba ndi la makolo: nthano ya Perrault inali ndi ntchito, kuchenjeza mwana za munthu wolankhula mokoma panjira. Mukauchotsa mano mmbulu, chenjezolo lapita kuti? Dandaulo limeneli limakhudza kwambiri mabuku ofooka, omwe alipo ochuluka, mmene mmbulu umangokhala kagalu kosamvetsetsedwa, kodya masamba, kofuna kukumbatiridwa. Amenewo saseketsanso n'komwe, chifukwa popanda mano palibe choti mwana agwirire mpweya. Mabuku abwino amasiya mano ali pomwepo. Mmbulu wa Kasza unkafunadi kudya nkhuku. Chinausintha si ulaliki, koma kuti anapiye anautenga ngati wachibale usanakonzeke, n'kupezeka kuti wachita kale zabwino zimene sungathenso kuzibweza. Ku Japan, nkhani ya Yuichi Kimura ya mu 1994, ya mbuzi ndi mmbulu zimene zinabisala mvula m'kanyumba kamdima n'kupalana ubwenzi zisanaonane nkhope, imakoka mtima pa chifukwa chomwecho: mmbulu umamvabe njala ukamayenda pambuyo pa mnzakeyo.

Dandaulo lachiwiri ndi la alimi, pakuti mimbulu yeniyeni inabwerera. Inalowanso ku France mu 1992 kuchokera ku Italy, kudzera m'mapiri a Mercantour. Ku Yellowstone anachita kuitenga ku Canada mu 1995. Ku Germany ana oyamba obadwira m'tchire anaoneka mu 2000, m'chigawo cha Saxony. Lero m'mayiko a mgwirizano wa European Union muli mimbulu yoposa 20,000, ndipo ku France kokha imapha nkhosa masauzande ambiri chaka chilichonse. Boma limapereka chipukuta misozi, limathandiza kugula agalu olondera ndi mipanda ya magetsi, koma mbusa wa m'mapiri a Alps amene wapeza nkhosa zake zitang'ambidwa m'mawa saona choseketsa pa mmbulu wovala epuloni. Mu September 2022 mmbulu unapha kahatchi ka Ursula von der Leyen, mtsogoleri wa komishoni ya mgwirizanowo, kwawo ku Lower Saxony, ndipo kumapeto kwa 2024 mayiko a pangano la ku Bern anavomereza kutsitsa mlingo wa chitetezo cha nyamayi. Mabuku amalembedwa ndi kugulidwa kwambiri m'mizinda; nkhosa zimafera kumapiri. Mkangano wa mmbulu ku Ulaya masiku ano ndi wa tauni ndi mudzi, ndipo shelefu ya mabuku a ana ili mbali ya tauni.

Wolemba mmodzi wa ku England, Emily Gravett, anaseka mbali zonse ziwiri m'buku lake loyamba, Wolves, la mu 2005, lomwe linapata mendulo ya Kate Greenaway, yomwe panthawiyo inali mphoto yaikulu ya ojambula mabuku a ana ku Britain. Kalulu wabwereka kulayibulale buku lofotokoza za mimbulu, ndipo akuyenda akuwerenga, mphuno ili m'buku. Mawu ake ndi a sayansi yeniyeni: kumene mimbulu imakhala, zikhadabo zake, mano ake 42. Sakuona kuti mmbulu watuluka m'bukumo, kuti iye akuyenda pamchira pake, kenaka pamphuno pake. Akufika pa mndandanda wa zimene mimbulu imadya, ndipo mawu omaliza ndi akalulu. Tsamba lotsatira ndi chikuto chong'ambikang'ambika. Ndiye wolemba akulowererapo, akuti kwa owerenga a mtima wofewa nawa mapeto ena: mmbulu uwu sudya nyama, awiriwa anagawana buledi wopaka jamu n'kukhala mabwenzi. Koma chithunzi cha mapeto okomawo n'chomatidwa ndi zidutswa za mapepala ong'ambika aja, zomatira zake zikuonekera. Ndipo patsamba lomaliza, pakhomo pa Kalulu paunjikana makalata osatsegula, ina mwa iwo yochokera kulayibulale, yokumbutsa kuti tsiku lobweza buku linadutsa kalekale.